Mtengo Umodzi, Chithunzi Chimodzi

[NYIMBO YOTSEGULIRA. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO]

WOULUTSA: Moni a ku Santhe, a ku Chamama, a kwa Chulu, a kwa Kaluluma, a ku Nkhamenya, ndi inu amene muli m'chigafa manja ali pa fodya. Ntchitoyo pitirizani, makutu okha mundibwereke.

Lero tikamba za kujambula mitengo, komanso za kamera ina yomwe achinyamata ambiri sanaionepo. Koma ndiyambe ndi funso. M'nyumba mwanumo zithunzi zilimo: cha ukwati, cha mwana atavala yunifolomu tsiku loyamba la sukulu, mwinanso cha mabelo ali pa lole kupita ku okushoni ku Chinkhoma. Nanga cha muwanga uja udali m'malire a munda wa agogo anu muli nacho? Nanga cha thengo la masuku komwe amayi anu ankakatola zipatso ali mtsikana? Akuluakulu akamafotokoza kuti pano padali nkhalango yowirira, mwana wa lero amangoyesa nthano, pakuti palibe chomuonetsa. Kasungu yataya mitengo yochuluka popanda mboni. Ine ndikuti mitengo ikuluikulu yomwe yatsalayi ijambulidwe, ndipo ijambulidwe mwaluso.

Kamera yomwe ndikunenayi amaitcha large format. Achikulire ena mwina mukuikumbukira: ija wojambula ankaimika pa miyendo itatu, iye n'kufunda nsalu yakuda kumutu. Kapangidwe kake n'kosavuta. Kutsogolo kuli kathabwa kogwira lenzi. Kumbuyo kuli galasi lambuu, lopalidwa dala kuti chithunzi chizionekerapo. Pakati pali nsalu kapena chikopa chopindapinda chosalowa kuwala, chomwe chimafutukuka ndi kufinyika ngati mvukuto wa osula makasu. Mulibe batire, mulibe kompyuta.

Filimu yake si ya mpukutu ija tinkagula ya zithunzi 24 kapena 36. Iyi imabwera tsamba limodzilimodzi. Lofala kwambiri ndi la mainchesi 4 mulifupi ndi 5 mulitali, kapena titi masentimita 10 ndi 12 ndi theka. Lilipo lina la mainchesi 8 ndi 10. Tsamba limodzi la 4 ndi 5 limaposa kachidutswa ka filimu ya makamera ang'ono aja ka 13 kukula kwake. Choncho mukajambula mkuyu wathunthu, kuyambira mizu mpaka kunsonga, kenaka n'kukulitsa chithunzicho, mumatha kuona ming'alu ya khungwa, njira ya chiswe, chipsera cha nkhwangwa, ndi pamene sing'anga adasenda khungwa la mankhwala.

Tsopano tiyeni tiiimike kamerayi limodzi, inu m'maganizo, ine ndikufotokoza.

Mwafika pa mtengo. Musathamangire kutsegula chikwama. Uzungulireni kaye. Mtengo uli ndi mbali yomwe nthambi zake zimaoneka momasuka, ndi mbali ina yomwe zimangopiringizana. Mukapeza poima, imikani miyendo itatu ija, muipondereze m'dothi kuti isagwedere, ndipo muonetsetse kuti kamera yakhala mowongoka. Tsegulani lenzi, fundani nsalu yakuda, yang'anani pa galasi lambuu lija. Mtengo muuona utazondoka: mizu kumwamba, nthambi pansi, kumanja kwasanduka kumanzere. Musadabwe, umo ndi momwe kuwala kumayendera kukadutsa mu lenzi iliyonse. Ndipo kuzondokako kuli ndi ubwino wake. Mtengo womwe mwaudutsa tsiku ndi tsiku mpaka kuleka kuuona, ukazondoka mumauona mwatsopano. Mumazindikira kuti wapendekera kuvuma, kuti nthambi imodzi idauma, kuti kumbuyo kwake kuli balani yomwe simunaiganizire.

Kenaka mumasuntha lenzi, kuiyandikiza kapena kuitalikitsa, mpaka chimbuuzi chitachoka. Apa ojambula amagwiritsa ntchito kagalasi kokulitsa zinthu, kuyang'ana ngodya zonse zinayi.

Chomwe chimapambanitsa kamerayi pa mitengo ndi ichi. Tengani foni yanu, muime pansi pa bulugamu wamtali, muipendeketse kuloza kumwamba kuti nsonga ilowe. Muona kuti tsinde latupa, nsonga yachepa, mtengo ukuoneka ngati ukugwa chagada. Pa kamera yaikuluyi simuipendeketsa. Kumbuyo kumakhala kowongoka monga momwe mtengo waimira, ndipo mumangokweza kathabwa ka lenzi kokha. Nsonga imalowa, mtengo n'kukhalabe chilili, mu msinkhu wake weniweni. Mungathenso kuweramitsa lenzi pang'ono kuti mizere ya fodya yomwe ili pamapazi anu ndi phiri la Kasungu lomwe lili patali zonse zioneke bwino nthawi imodzi. Lamulo la kuweramitsa kotereku limadziwika ndi dzina la Theodor Scheimpflug wa ku Austria, yemwe adalifotokoza cha m'ma 1904. Koma pa mtengo wamtali womwe uli pafupi nanu musaweramitse kwambiri, chifukwa tsinde lidzaoneka bwino, nsonga n'kuchita chimbuuzi.

Zonse zikakhala m'malo, tsekani lenzi. Ndibwereze: tsekani lenzi musanachite china chilichonse. Chepetsani kabowo kolowera kuwala, kafike pa f/22 kapena f/32. Lowetsani kabokosi kaphanthiphanthi kosungira filimu, komwe kamanyamula masamba awiri okha, lina mbali iyi lina mbali inayo. Sololani chivindikiro chake. Ndiye dikirani.

Mukudikira mphepo. Kabowo kakachepa chotero, m'kuwala kofewa kwa m'mamawa filimu imafuna theka la sekondi, mwina sekondi yathunthu. M'kanthawi kameneko tsamba la mtengo likangogwedera, pa chithunzi limasanduka utsi. Inu a ku Kasungu mukuidziwa mphepo ya mwezi wa Juni, Julayi ndi Ogasiti momwe imaombera pa chidikha chopanda choitchinga. Ndiye wojambula amaima, chala pa kachingwe kotsegulira lenzi, maso kunsonga ya mtengo, kudikira mpata womwe mphepo imapuma. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chithunzi chimodzi chikhoza kukudyerani ola lathunthu, ndipo simuchiona mpaka mutakatsuka filimu.

[NYIMBO PANG'ONO]

Ena mukufunsa kuti, zonsezi chifukwa cha mtengo? Mverani mbiri iyi.

Mu 1861 munthu wina wa ku America, Carleton Watkins, adakwera mapiri a Yosemite ku California ndi kamera yojambula pa magalasi a mainchesi 18 ndi 22. Katundu wake ankanyamula ndi nyulu. Galasi lililonse ankalipaka mankhwala pompo, m'tenti yamdima, n'kulitsuka lisanaume. Mwa zomwe adajambula padali mtengo waukulu wa sequoia wotchedwa Grizzly Giant. Zithunzizo zidafika m'manja mwa opanga malamulo ku Washington, anthu omwe sadapondeko kumeneko, ndipo zidathandiza kuti pa 30 Juni 1864 pulezidenti Abraham Lincoln asayine lamulo loteteza malowo. Mtengo umenewo ulipo mpaka lero.

Kuno kwathu nkhaniyi si yachilendo. Pa ulendo wa David Livingstone wa mu mtsinje wa Zambezi, womwe udayamba mu 1858, padali dokotala wa ku Scotland wodziwa za zomera, John Kirk. Iyeyu ankajambula ndi kamera ya bokosi, pa mapepala opaka phula. Mapepalawo ankachedwa kugwira kuwala, moti chithunzi chimodzi chinkafuna mphindi zingapo. N'chifukwa chake zambiri zomwe adajambula ndi zinthu zosayenda: nyumba, maboti, mitengo ndi ziyangoyango za m'mbali mwa Zambezi. Zithunzi zake zili m'gulu la zakale kwambiri zojambulidwa m'chigawo chino cha Africa. Mapiri a Kirk Range, cha ku Ntcheu ndi Neno, adatchulidwa dzina lake, ndipo msuku wathu womwewu akatswiri a zomera amautcha Uapaca kirkiana. Pamene Livingstone ankafika kwa Mwase kuno ku Kasungu mu 1863, Kirk n'kuti atabwerera kale. Komanso tisaiwale kuti alendowo ankajambula zomwe iwo ankafuna, n'kupita nazo kwawo. Mtengo womwe eni dziko ankaulemekeza, pomwe ankaweruzira milandu kapena kuthira nsembe, ndi eni ake okha amene akadaudziwa kufunika kwake. Ndiye ntchito yomwe yatsalira ife.

Musaganize kuti kamerayi idatha ntchito. Wojambula wa ku America Mitch Epstein adazungulira mzinda wa New York ndi kamera ya mainchesi 8 ndi 10, kujambula mitengo yokhayokha, ndipo buku lake New York Arbor lidatuluka mu 2013. Makampani monga Ilford, Kodak ndi Foma akupangabe filimu yotereyi.

Tibwerere kwathu. Mitengo ya Kasungu idapita kuti? Nonse mukudziwa, koma tiyeni tiinene bwino, mopanda kuloza chala. Dziko la Rhodesia litaikidwa zilango za malonda pambuyo pa 1965, fodya wa Malawi adapeza msika. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti adachuluka ku Kasungu, Mchinji ndi Mzimba: a General Farming, a Press Farming, a anthu paokha, komanso alimi a pansi pa bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority. Esiteti iliyonse idayamba ndi kuzula zitsa. Kenaka fodya wowotcha m'balani amafuna moto usana ndi usiku pafupifupi sabata yathunthu, ndipo nkhuni zosunga moto bwino ndi za mitengo yachilengedwe yolimba. Kuyambira cha m'ma 1990 alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima burley, zigafa zidamera m'mudzi uliwonse. Burley safuna moto, inde, koma chigafa chimafuna mphanda, mitanda ndi mikangala, ndipo chiswe chikadya mumakadulanso ina. Kafukufuku wa Helmut Geist yemwe adasindikizidwa mu 1999 adayerekeza kuti mwa nkhalango zomwe zinkatha m'Malawi kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi linkatha chifukwa cha fodya. Zotsalazo ndi kutsegula minda, nkhuni zophikira, makala ndi kuwotcha njerwa.

Ine sindingaime pano n'kunyoza mlimi wa fodya. Fodya ameneyu waphunzitsa ana, wafolera nyumba ndi malata, wagula ngolo ndi ng'ombe. Tenanti yemwe adadula muwanga adatumidwa, ndipo ana ake ankadikira chakudya. N'chifukwa chake ndimakonda chithunzi chojambulidwa modekha. Sichikalipira munthu. Chimangoonetsa msangu uli chilili pakati pa mizere, balani ili kumbuyo, mulu wa nkhuni uli pambali, zonse zooneka bwino mofanana. Woona aweruze yekha.

[NYIMBO PANG'ONO]

Nanga wojambula apite kuti, ndipo liti?

Ayambire ku Mtunthama, pa kachere uja mbiri imati Kamuzu Banda adaphunzirirapo zilembo zoyamba, pafupi ndi Kamuzu Academy yomwe idatsegulidwa mu 1981. Umenewo n'ngodziwika, ndipo ambiri adaujambula kale. Ine mtima wanga uli pa mitengo yopanda mbiri yolembedwa. Muula womwe udasiyidwa pakati pa munda chifukwa cha zipatso zake. Mvunguti wa m'mbali mwa dambo. Mkuyu wa pabwalo la amfumu. Mlombwa umodzi womwe ocheka matabwa sadaufikire. Mbawa za m'mphepete mwa Bua ndi Dwangwa.

Kuti muone mmene chidikha chonsechi chinkaonekera kale, pitani ku nkhalango ya Chimaliro, kapena kumalo osungira nyama a Kasungu National Park, omwe ndi aakulu masikweya kilomita oposa 2,300 ndipo adakhala paki mu 1970. Kumeneko miombo ikadali yowirira. Koma kumeneko musalowe nokha. Pemphani chilolezo, muyende ndi mlonda wa paki. Mu 2022 adabweretsako njovu 263 kuchokera ku Liwonde, ndipo munthu wofunda nsalu yakuda kumutu saona chomwe chikubwera kumbuyo kwake.

Malo ena omwe mitengo yachilengedwe yapulumuka ndi kumanda. Mukamayenda mu msewu wa M1 n'kuona kagulu ka mitengo yobiriwira pakati pa minda yoyera, kawirikawiri amenewo ndi manda. Achinyamata, pano mundimvetse bwino. Kumanda sikolowa ndi kamera mwachisawawa. M'midzi yambiri ya Achewa kumeneko n'kudambwe. Pitani kwa amfumu, mukhale pansi, mufotokoze cholinga chanu. Akakulolani kujambula muli kunja, patali, jambulani pomwepo. Akakana, thokozani, nyamukani. Chimodzimodzi mtengo wa m'munda mwa munthu: odi kaye kwa mwini munda. Mudzapindulanso, chifukwa iyeyo ndiye akuuzeni yemwe adausiya mtengowo ndi chifukwa chake.

Za nyengo, mtengo uliwonse uli ndi mwezi wake. Miombo imaphuka masamba ofiira cha mu Ogasiti mpaka Okutobala, mvula isanagwe. Pa filimu yakuda ndi yoyera masamba ofiirawo amada, koma mukaika kagalasi ka mtundu wa lalanje kutsogolo kwa lenzi amawala, thambo n'kuderako. Vuto la miyezi imeneyo ndi utsi wa moto wolusa ndi fumbi, zomwe zimaphimba mapiri. Msangu ndiye wosiyana ndi anzake: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, n'kubiriwira m'chilimwe. Choncho mukafuna kuonetsa chifukwa chomwe alimi amaukondera, muujambule mu Januwale kapena Febuluwale, nthambi zili mbee, chimanga chili bii pansi pake. Dzuwa la masana ndi loipa pa mtengo uliwonse, limachititsa mthunzi wakuda kwambiri. Pitani mbandakucha, mphepo isanadzuke, kapena tsiku la mitambo.

Ndipo musajambule mitengo yokongola yokha. Jambulani chitsa chomwe chikuphukira, pakuti miombo imabwerera yokha kuchokera ku zitsa ndi mizu ngati mwaiteteza ku moto, mbuzi ndi nkhwangwa. Jambulani chigafa chamoyo, chija alangizi a fodya amalimbikitsa, chomwe mphanda zake ndi mitengo yodzalidwa m'mizere, yosadula. Chithunzi cha nkhalango ya mudzi chaka choyamba, ndi china cha malo omwewo pakatha zaka khumi, chimalimbikitsa anthu kuposa msonkhano.

Ndikudziwa kuti funso lalikulu ndi la ndalama. Kamerayi simuipeza pa msika wa Kasungu, ndipo filimu ndi yoitanitsa kunja, yokwera mtengo. Imafunanso chisamaliro: kuisunga pozizira, kuilowetsa m'timabokosi take mu mdima wa ndiweyani, kupewa fumbi, kuitsuka ndi mankhwala ndi madzi oyera osatentha, a madigiri 20. Si aliyense angathe. Komabe njira zopepukirapo zilipo. Kalipentala waluso akhoza kukhoma bokosi losalowa kuwala. M'malo mwa lenzi mukhoza kuboola kabowo ndi singano pa kachitsulo kopyapyala. M'malo mwa filimu mukhoza kuika pepala lotsukirapo zithunzi zakuda ndi zoyera, lomwe limatulutsa negetivi ya pepala, pafupifupi monga ankachitira Kirk. Aphunzitsi a sayansi m'sukulu za sekondale, phunziro la kayendedwe ka kuwala lilipo kale m'mabuku anu. Litulutseni panja, pansi pa mtengo wa pasukulu.

Mungafunse kuti, bwanji osangojambula ndi foni? Jambulani ndithu, lero lomwe. Chithunzi cha foni chimaposa kusowa chithunzi. Koma foni imatayika, imabedwa, imagwera m'madzi, ndipo memori khadi imafa osatsanzika. Negetivi yakuda ndi yoyera yotsukidwa bwino, yosungidwa pouma, imatha zaka zoposa 100, ndipo kuti muione mumangoiloza kuwala. Ndiye ngati muli ndi foni yokha, bwerekani khalidwe la kamera yaikulu. Zungulirani mtengo. Imani patali ndithu kuti foni isapendekere kumwamba. Itsamiritseni pa chinthu chosagwedera. Dikirani mphepo. Imikani munthu pafupi ndi tsinde kuti kukula kwa mtengo kudziwike. Kenaka chithunzicho mukachitsukitse pa pepala.

Chotsiriza, ndipo ichi ndicho ambiri amaiwala: lembani. Chithunzi chopanda mawu ndi mboni yosalankhula. Kumbuyo kwake, ndi pensulo, lembani dzina la mtengo monga momwe amautchulira kwanuko, mudzi, mfumu yaikulu, tsiku, mwezi ndi chaka. Lembani pomwe mudaima ndi komwe mudayang'ana, kuti wina adzathe kuima pomwepo mtsogolo. Yesani kunenepa kwa tsinde ndi chingwe pa msinkhu wa pachifuwa, mulembenso. Funsani agogo a m'mudzimo zomwe akudziwa za mtengowo, mulembe m'mawu awo. Chithunzi china chipite kwa mwini munda kapena kwa amfumu, china kusukulu. Zolembedwa zakale za dziko lino zimasungidwa ku National Archives ku Zomba, ndipo bungwe la Society of Malawi lili ndi nkhokwe ya zithunzi zakale ku Mandala House mu mzinda wa Blantyre. Zithunzi za mitengo ya Kasungu, zojambulidwa ndi ana a Kasungu, zikuyenera kudzapezeka m'malo otero.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Dzalani, ndipo samalani zomwe mwadzala. Koma mbande ya chaka chino siidzafika msinkhu wa mkuyu wa pabwalo inu muli moyo. Choncho pempho langa kwa inu mafumu, aphunzitsi, makomiti a zachilengedwe m'midzi, makalabu a alimi a fodya ndi achinyamata nonse ndi ili: mudzi uliwonse usankhe mitengo yake ikuluikulu isanu, muijambule ndi kuilemba nyengo yodula mphanda za zigafa isanafike.

[NYIMBO YOTSEKERA]